Patenti, haidirojeni ndi makina ozindikira zithunzi: tizilemba bwanji m'Chichewa?

Mafunso a ulendo uno achokera mumzinda wa Mzuzu, ndipo onse akukhudza luso latsopano lotetezedwa ndi lamulo, makamaka makina ozindikira zithunzi ndi zipangizo zopanga magetsi ndi mpweya wa haidirojeni. Ambiri mwafunsa za mayina. Koma zolakwika zazikulu pankhani zoterezi zimabisala mwa aneni, chifukwa mneni ndiye amauza wowerenga chimene chinthu chikuchita.

Funso la wophunzira za mphamvu zamagetsi ku Luwinga: Ndikulemba nkhani yoti iulutsidwe pa wailesi. Patent ndiitche chiphaso, chilolezo kapena umwini?

Achimwene, chilolezo chichotseretuni. Patenti siloleza munthu kupanga kapena kugulitsa kanthu. Imangomupatsa mphamvu yoletsa ena kupanga, kugulitsa kapena kuitanitsa kuchokera kunja chinthu chogwiritsa ntchito luso lakelo. Mwini patenti ayenerabe kutsata malamulo ena onse a malonda, kuphatikizapo miyezo ya Malawi Bureau of Standards. Chiphaso ndi pepala chabe lochitira umboni. Umwini wayandikira, koma umwini wa munda sutha pakapita zaka, pamene wa patenti umatha.

Lembani patenti, monga mmene timalembera penti ndi simenti. Poitchula koyamba onjezani kuti ndi umwini wa luso latsopano umene lamulo limateteza kwa nthawi yoikika. Dzinali limayenda ngati kompyuta: patenti ya kampaniyo yatha, mapatenti a kampaniyo atha.

Samalani ndi aneni awiri. Wapempha patenti ndi wapatsidwa patenti si zofanana, ndipo pakati pake pamadutsa zaka. Munthu wa kuno angapemphe ku ofesi ya boma yolembetsa zoterezi, kapena kudzera ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa mapatenti, lomwe likulu lake lili ku Harare. Pansi pa pangano la Harare Protocol la 1982, pempho limodzi lingatchule mayiko angapo, ndipo patenti yake imakhala zaka 20 kuchokera tsiku lopereka pempho, osati tsiku lovomerezedwa, bola mwini wake azilipira ndalama ya chaka ndi chaka. Pangano la Paris la 1883 limapatsa wopempha miyezi 12 yoti akapemphenso kumayiko ena tsiku loyamba lija likuwerengedwabe. Patenti ya dziko lonse lapansi kulibe. Njira ya PCT yopemphera patenti m'mayiko ambiri ndi pempho limodzi, yomwe imayendetsedwa ndi WIPO, bungwe la United Nations loona za umwini wa luso ku Geneva, imangopatsa munthu nthawi, kawirikawiri miyezi 30, yosankha mayiko amene akufuna kutetezedwako.

Pali malo amodzi pamene chilolezo ndi mawu oyenera. Mu January 2015 kampani ya Toyota inalengeza kuti ena angagwiritse ntchito mapatenti ake pafupifupi 5,680 okhudza haidirojeni popanda kulipira. Kulemba kuti Toyota inagawa mapatenti ake n'kulakwa, popeza umwini unatsala m'manja mwake. Inapereka chilolezo chowagwiritsa ntchito kwaulere.

Nyimbo ndi mabuku si za patenti, izo n'za COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za oimba ndi alembi. Dzina kapena chizindikiro cha malonda nachonso chili ndi lamulo lakelake.

Funso la mphunzitsi wa ku Katoto: Ana ndiziwauza kuti munthu anatulukira, anapanga kapena anapeka chipangizo?

Aphunzitsi, kupeka kusiyireni nyimbo, ndakatulo ndi nthano. Mukati anapeka makina, ena amva kuti makinawo ndi ongopeka, kulibe. Kupanga kokha n'kochepa, chifukwa wowotcherera zitsulo amapanga mawilibala tsiku lililonse koma si iye anayambitsa wilibala.

Kutulukira timakugwiritsa ntchito pawiri, pa chinthu chomwe chinalipo kale m'chilengedwe komanso pa chomwe munthu wachiganiza yekha. Pocheza palibe vuto. Pankhani ya patenti ziwirizi ziyenera kulekana, pakuti patenti siperekedwa pa chinthu chomwe chinalipo kale m'chilengedwe. Henry Cavendish anatulukira mu 1766 kuti haidirojeni ndi mpweya wapawokha. William Grove, mu 1839, anayambitsa njira yopangira magetsi pophatikiza haidirojeni ndi okosijeni. Woyambayo anatulukira, wachiwiriyo anayambitsa kapena anapanga koyamba.

Anawo muwauzenso zinthu zitatu zimene oyesa pempho amayang'ana: lusolo likhale latsopano, lisakhale loti mmisiri aliyense wa ntchitoyo akanaliganiza mosavuta, ndipo litheke kupangidwa n'kugwira ntchito. Chatsopano apa sichitanthauza chachilendo ku Mzuzu kapena ku Malawi. Chikutanthauza chimene sichinaonetsedwepo kapena kulembedwapo poyera kulikonse. M'mayiko ambiri, wophunzira amene waika chipangizo chake pa Facebook kapena pachionetsero cha sukulu asanapereke pempho amakhala wadziphera yekha mwayi.

Funso la makaniki wa ku Chibavi: Anzanga amati fuel cell ndi batire la haidirojeni, ena amati ndi injini yowotcha haidirojeni. Olondola ndani?

Bambo, onsewo aphonya, ndipo mukaona mmene chipangizochi chimagwirira ntchito mawu oyenera abwera okha.

Mtundu umene umaikidwa m'galimoto uli ndi maselo ambiri osanjikizana. Selo iliyonse ili ndi mbali ziwiri, pakati pali nembanemba yopyapyala ngati pepala. Mbali zonse ziwiri zapakidwa tizidutswa tating'onoting'ono ta chitsulo chotchedwa pulatinamu. Haidirojeni akalowa mbali yoyamba n'kukhudza pulatinamu, amagawika kukhala tizigawo tosaoneka ndi maso totchedwa mapulotoni ndi maelekitironi. Mapulotoni amadutsa m'nembanemba. Maelekitironi sangadutsemo, choncho amazungulira kudzera m'waya, ndipo kuyenda kwawoko ndiwo magetsi oyendetsa mota. Kumbali yachiwiri zonsezi zimakumana ndi okosijeni wa mumpweya wamba n'kupanga madzi. Kupaipi yakumbuyo kwa galimoto yotere simuona utsi. Mumaona nthunzi ndi madontho a madzi. Kilogalamu imodzi ya haidirojeni imatulutsa madzi pafupifupi malita 9.

Moto mulibe, pisitoni mulibe, choncho kuwotcha ndi injini zagwa. Batire limasunga mphamvu m'kati mwake, likatha mumalitchaja. Chipangizo ichi sichisunga kanthu. Chili ngati chigayo, chomwe chimatulutsa ufa malinga ngati chimanga chikuthiridwa. Choncho musati chatha moto kapena chikufunika kutchaja. Nenani kuti haidirojeni watha m'thanki. Taonani kuti tikuti watha, monga timanenera kuti petulo wakwera, dizilo wasowa.

Polemba za akatswiri siyani dzina lakuti fuel cell momwe lilili, popeza ndi lomwe akalipeze m'mabuku a zipangizo. Polankhula ndi anthu wamba nenani kuti chopangira magetsi cha haidirojeni. N'lalitali, koma silinamiza munthu. Lembani haidirojeni, osati haidrojeni, chifukwa d ndi r sizigundana m'Chichewa, monga timachitira ndi diresi. Ndipo yang'anitsitsani lembo limodzi: mapulotoni si mapuloteni a m'nyemba ndi usipa.

Manambala ofunika ndi awa. Selo imodzi, powerengera chabe, ingapereke 1.23 V, koma ikamagwira ntchito imapereka pakati pa 0.6 V ndi 0.7 V. N'chifukwa chake amawasanjikiza: Toyota Mirai yoyamba, yomwe inatuluka mu 2014, inali ndi maselo 370. Mtundu umenewu umagwira ntchito pa kutentha kwa madigiri 60 mpaka 80, ndipo mathanki a magalimoto ang'onoang'ono amasunga mpweyawu utapanikizidwa kufika 700 bar (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya). Powerenga pa wailesi musati mavoti, anthu angaganize za chisankho. Lembani V kapena volt.

Zovuta zake nazo zili ndi aneni ake. Nembanemba ikauma, mapulotoni amalephera kudutsa ndipo mphamvu imatsika, pena nembanembayo imang'aluka. Madzi akachuluka mbali ya okosijeni amatseka tinjira todutsa mpweya, apo timati selo yadzaza madzi. Mpweya wa carbon monoxide, ngakhale wochepa kwambiri, umamatirira pa pulatinamu n'kuphimba malo amene haidirojeni amagawikirapo. Mabuku a Chingerezi amatchula zimenezi ndi mawu a poizoni, koma m'Chichewa kuphimba ndiko kukufotokoza chochitikacho. N'chifukwa chake haidirojeni wa m'galimoto amafunika kukhala woyera kufika 99.97 pa 100.

Mawu oti kuyaka asungireni nkhani za ngozi. Haidirojeni alibe fungo, amayaka akasakanikirana ndi mpweya pa mlingo uliwonse kuyambira 4 mpaka 75 pa 100, ndipo lawi lake silioneka bwino masana. Ngati mwazolowetsa anthu kumva kuti chipangizochi chimayatsa haidirojeni, tsiku limene mudzawachenjeze za kuyaka kwenikweni sadzamva kusiyana.

Chomaliza: wina akanena kuti galimoto yotere imayendera madzi, muuzeni kuti galimoto yoyendera madzi kulibe. Kugawa madzi ndi magetsi kuti mupeze kilogalamu imodzi ya haidirojeni kumadya mayunitsi a magetsi (kWh) 50 mpaka 55. Kilogalamuyo imanyamula pafupifupi 33 kWh, ndipo chopangira magetsi chija chimabweza pafupifupi theka lake. Haidirojeni tizimutcha chonyamulira mphamvu, osati gwero la mphamvu.

Funso la mlangizi wa zaulimi amene amayendera alimi a chinangwa cha ku Nkhata Bay: Foni ikajambula tsamba n'kunena matenda, tizinena kuti yaona, yadziwa kapena yazindikira?

Mayi, yazindikira ndiye mneni woyenera, koma tisamuumirize ntchito zonse. Pali ntchito zinayi zimene anthu amazisokoneza. Kupeza ndi pamene makina ajambula kabokosi pozungulira nkhope kapena tsamba, osanena kuti ndi la chiyani. Njira yotchuka yochitira zimenezi mwachangu anaifotokoza Paul Viola ndi Michael Jones mu 2001. Kusanja ndi kuika chithunzi m'gulu: ili ndi tsamba labwino, ili lili ndi khate la chinangwa. Kuzindikira ndi kunena kuti ichi n'chakuti kapena uyu ndi uje pakati pa ambiri. Kutsimikizira ndi kufananitsa zithunzi ziwiri zokha, monga foni ikamatseguka ndi nkhope ya mwini wake. Inu amene kunyumba mumalankhula Chitumbuka, kusanga kwanu kuja ndiko kupeza, ntchito yoyamba yokhayo.

Yadziwa muipewe. Pulogalamu yonga Nuru ya PlantVillage inaphunzitsidwa ndi zithunzi zambiri zimene akatswiri anazilemba kale mayina a matenda, ndipo yankho lake ndi kuyerekeza. Mlimi akajambula tsamba dzuwa lili paliwombo, kunyezimira kwa pamwamba pa tsamba kungafanane ndi mawanga achikasu a khate. Dzanja likagwedezeka, chithunzi chimachita chimbuuzi ndipo mitsempha ya tsamba siioneka. Tsamba lofota chifukwa chosowa chakudya m'nthaka lingasokonezedwenso ndi lodwala. Pouza alimi nenani kuti foni ikusonyeza kuti mwina ndi khate, kenako alangizeni ajambule masamba angapo pamthunzi. Mukati foni yadziwa, munthu angazule munda wopanda vuto.

Kuphunzitsa kompyuta ndi Chichewa chabwino ndithu, musachiope. Mu 2012 pulogalamu ya AlexNet inaphunzitsidwa ndi zithunzi pafupifupi 1.2 miliyoni za m'magulu 1,000 a nkhokwe ya zithunzi yotchedwa ImageNet, ndipo pa mpikisano wosanja zithunzi wa chaka chimenecho inalakwitsa 15.3 pa 100 pamene yotsatira inalakwitsa 26.2.

Nkhani ya patenti imalowanso muno. David Lowe wa ku University of British Columbia anayambitsa njira yotchedwa SIFT, yomwe imasankha timalo tapadera pachithunzi n'kulongosola kalikonse ndi manambala 128, kotero kuti chinthu chimazindikirika ngakhale chitajambulidwa chapatali kapena chopendekeka. Patenti yake ya ku America, nambala 6,711,293, inaperekedwa mu 2004 ndipo inatha mu March 2020. Apa lembani kuti patenti inatha. Inafafanizidwa kapena inalandidwa zikutanthauza kuti khoti kapena ofesi inapeza vuto, zomwe sizinachitike. Inatha nthawi yake basi, ndipo tsopano aliyense angagwiritse ntchito njirayo.

Funso la womasulira zikalata wa ku Mchengautuba: Gawo la claims ndilitche chiyani, nanga comprising ndi consisting of n'zofanana?

Chikalata cha patenti chimakhala ndi kufotokoza kwa lusolo, zojambula, chidule, ndi gawo mukufunsali. Madandaulo kapena zonena sizikugwira. Gawoli limaika malire a chimene chikutetezedwa, choncho litcheni mfundo za malire a patenti, ndipo mfundo iliyonse isunge nambala yake. Khoti likamaweruza ngati wina wabera luso limawerenga mfundo zimenezi, osati chidule.

Mawu awiriwo si ofanana ngakhale pang'ono. Comprising imasiya khomo lotsegula: chipangizo chokhala ndi nembanemba, pulatinamu ndi waya, mwa zina. Wina akawonjezera chinthu chachinayi amakhalabe m'kati mwa malire. Consisting of imatseka: chokhala ndi zitatuzi zokha. Mukangolemba chokhala ndi popanda mwa zina kapena zokha, wowerenga Chichewa sangadziwe kukula kwa malirewo.

Pomasulira mfundozi musasinthe dzina la chinthu pofuna kukometsa chiganizo. Mukachitcha nembanemba mu mfundo 1, chikhale nembanembayo mu mfundo 2 mpaka kumapeto, osati chikopa kapena chotchinga, chifukwa dzina lina limamveka ngati chinthu china. Gwiritsani ntchito -yo, -cho, -lo pobwereza chimene mwatchula kale, ndipo dzina lopanda alozi amenewa lisungireni chinthu chimene chikutchulidwa koyamba. Pamwamba pa tsamba loyamba lembani kuti kumasuliraku n'kothandiza kumva chabe, ndipo chikalata chogwira ntchito pamaso pa lamulo ndi chomwe chinaperekedwa ku ofesi.