Chikho cha m'gemu: timachiwina, timachitsegula, kapena timachitola?

Wowerenga wina yemwe ali ndi kanyumba koseweretsa magemu pa Kasungu boma wafunsa kuti: "Anyamata ena asiya gemu ya mpira, akufuna timagemu totchipa todumphadumpha, totha pa ola limodzi, kuti apeze ma trophy. Kodi trophy pa Chichewa n'chiyani? Nanga akamati 'ndaanloka' kapena 'ndatsegula trophy', n'Chichewa chimenecho?"

Achimwene, dzina tili nalo kale: chikho. Makolo athu ankatungira madzi mumtsuko ndi chikho chopangidwa ku mphonda youma, ndipo ku Kasungu konkuno ndinakula ndikumva amayi akukalipira ana osiya chikho pansi. Mpira utabwera ndi kapu yachitsulo yolimbirana matimu, anthu sanavutike kupeka mawu, anangoti chikho. Kachithunzi kamene kamatulukira pakona pa makina a magemu a PlayStation ukakwaniritsa chinachake m'gemu nako ndi ka chikho cha makutu awiri. Mphotho ayi, chifukwa mphotho umapita nayo kunyumba, kaya ndi ndalama, mbuzi kapena njinga. Mendulo ndi yovala m'khosi. Kuchuluka kwa chikho ndi zikho. Zoti "matrofe" zisiyeni.

Kampani ya Sony inayambitsa zikhozi mu 2008 pa PlayStation 3, kutsatira Xbox 360 imene inayamba kuwerengera osewera mapointi mu 2005. Zilipo zinayi: cha mkuwa cha mapointi 15, cha siliva 30, cha golide 90, ndi cha pulatinamu, chomwe kuyambira 2020 chimapatsa 300. Cha pulatinamucho chimabwera chokha ukatenga zina zonse za gemuyo. Apa m'pamene pali nkhani ya anyamata anu. Gemu yaikulu ingakudyereni milungu, pomwe kagemu ka madola ochepa, monga tina tofalitsidwa ndi Ratalaika Games, kamapereka pulatinamu ya mapointi omwewo musanamalize n'komwe zigawo zake zonse. Gemu yotchedwa My Name is Mayo ya 2016 inafika pongofuna kuti munthu agogode botolo ka 10,000.

Mtundu wa timagemuti mwautchula bwino nokha: todumphadumpha, mbumba ya Super Mario Bros. ya 1985. Musati "gemu ya pulatifomu", chifukwa mawu omwewo amatanthauzanso makina, ndiye womva sadziwa ngati mukunena za kudumpha kapena za makina ngati PlayStation 4 (PS4).

Chondiwawa ndi mneni. "Kuanloka" sindikukufuna n'komwe. "Kutsegula chikho" n'Chingerezi chovala chitenje: pa Chichewa timatsegula chitseko, botolo, msonkhano, koma chikho chilibe chivindikiro. "Kuwina" kwazika mizu ndipo sindilimbana nako pa mpira, koma kumafuna mdani amene wagonja. Mu kagemu kodumpha wagonja ndani? Chichewa chili ndi aneni atatu amene amasiyanitsa zimene Chingerezi chimaphatikiza.

Kutenga chikho, kapena kupata, n'kwa chimene wachikhetsera thukuta, monga kumaliza gemu yonse osafa. Kutola n'kwa chimene wachipeza panjira: wadumpha kakhumi, wafa koyamba, watolera timakobidi 50, chikho chatulukira. Anyamata anu akutola zikho, ndipo mawuwa si chipongwe, akungonena zoona za ntchito yake. Wachitatu ndi amene ndimamukonda: kukunkha. Alimi a mtedza ku Santhe kapena ku Chulu amadziwa kuti akatha kukumba, ana amabwerera m'munda kukatola wotsalira m'nthaka. Wosewera amene wamaliza gemu n'kubwerera m'zigawo zakale kukafuna zikho ziwiri zimene anaphonya, akukunkha. Mawu oposa amenewa simuwapeza m'chilankhulo chilichonse.

Ndipo kusankha mneni kukuthandizani pa bizinesi yanu, chifukwa chikho chimalembedwa pa dzina limene lalowa pa makinawo. Mnyamata akasewera pa akaunti yanu, sanganene kuti "ndatenga chikho". Watolera inu, ndipo palibe njira yosamutsira chikho kuchoka pa dzina lina kupita pa lina. Aliyense wofuna zikho zake akhale ndi akaunti yake asanayambe. Wolowa ngati mlendo, zake zimafufutika akangotuluka.

Palinso mawu amene amati "kusinka", kuchokera ku sync. Ine ndimati kutumiza zikho, chifukwa ndi zimene zimachitika. Mukasewera popanda intaneti, zikho zimangokhala m'makina. Makinawo akawonongeka kapena mukawafufuta musanalumikize pa intaneti ku PlayStation Network, kumene kumasungidwa akaunti yanu, zonse zapita. Bandulo yochepa ya pafoni imakwana, zikho si katundu wolemera. Malawi palibe pa mndandanda wa mayiko otsegulira akaunti, ndiye ambiri amasankha South Africa kapena America. Dziko limenelo silisinthika pambuyo pake, ndipo khadi logulira magemu liyenera kukhala la dziko lomwelo, apo ayi nambala yake ikanidwa.

Chimene amati stacking ndi kusanjikiza. Gemu imodzi imatha kukhala ndi mndandanda wa zikho wa PS4 ndi wina wa PS5, nthawi zina wa ku Ulaya ndi wa ku America, ndiye munthu amatola pulatinamu kawiri kapena kanayi pa kagemu kamodzimodzi. Awachenjezeni kuti mndandanda umene watolapo ngakhale chikho chimodzi sufufutikanso, ungangobisika kwa anthu ena.

Mawu amodzi obwereka ndawalola: pulatinamu, popeza chitsulocho makolo analibe dzina lake. Koma likhale dzina, lisasanduke mneni. "Ndaipulatinama gemuyi" ayi. Nenani kuti "ndatola pulatinamu", kapena "ndatenga pulatinamu" ngati inakutulutsanidi thukuta.