Tensau ndi kunenepa: alipodi anafufuza zimenezi?

FUNSO: Alangizi, ine ndine mayi wa zaka 46, ndimagulitsa mbatatesi pa msika ku Ulongue. Mwezi watha ndinapita kuchipatala mutu ukuwawa, atandiyeza anati tensau, kuthamanga kwa magazi kuja, ili pa 162/98, kenako anandikweza pa sikelo nkundiuza kuti mayi chepetsani thupi. Koma mpaka lero sindikumvetsa, kwathu kuno ukanenepa anthu amati ukusamalidwa, ukaonda amayamba kunong'ona kuti ukudwala. Komanso apongozi anga ndi oonda ngati bango koma tensau ali nayo. Ndiye kunenepa kukulowapo bwanji? Alipo anafufuza kapena ndi zongokamba?

YANKHO: Mayi, alipo, ndipo ndi ambiri. Koma amene ine ndimayamba kumutchula pa nkhani imeneyi ndi John E. Hall wa ku University of Mississippi Medical Center, mumzinda wa Jackson ku America. Bamboyu anagwira ntchito zaka zambiri ndi Arthur Guyton amene anamwalira mu 2003, ndipo mfundo yawo yaikulu inali yoti tensau ikakwera nkukhazikika, muyang'ane impso, osati mtima wokha ayi. Impso ndi zimene zimataya mchere ndi madzi kudzera mu mkodzo. Zikamalephera kutaya bwino, magazi amayamba kukankha mwamphamvu kuti mcherewo utulukebe, ndiye mphamvu imeneyo ndi ija anamwino amawerenga akakumangani chija pa mkono.

Tsono kunenepa kumabwera apa. Mu 1993 Hall ndi anzake anasindikiza zimene anaona pa agalu omwe ankawadyetsa zamafuta ambiri kwa milungu 5, agaluwo ananenepa, impso zawo zinayamba kusunga mchere, mtima kugunda msanga, tensau nkukwera. Mafuta a m'mimba muja sakhala phee ngati thumba la chimanga pa kona ya nyumba. Amazinga impso nkumazifinya. Amatulutsanso kanthu kotchedwa leptin, kamene Jeffrey Friedman anakatulukira mu 1994 ku New York, ndipo mu 1998 gulu la Hall linaonetsa pa makoswe kuti leptin akachuluka masiku angapo tensau imakwera, chifukwa amadzutsa ubongo kuti uzitumiza uthenga ku impso woti gwirani mchere. Malinga ndi zolemba za Hall, pa anthu 100 a tensau yosadziwika chiyambi, 65 mpaka 75 tensau yawo imakhudzana ndi kulemera kopitirira, ngakhale manambala amenewa anachokera kwa anthu a ku America.

Mwina mukuti zakutali izi. Sizakutali kwenikweni, buku la Guyton ndi Hall lophunzitsa mmene thupi limagwirira ntchito linatuluka koyamba mu 1956 ndipo lilipo mpaka m'Chipwitikizi, Tratado de Fisiologia Médica, ophunzira udokotala m'maiko ambiri amakulira pamenepo. Ine ndimaona kuti wofufuza phindu lake limaonekera pomwepa, mawu ake akafika pakamwa pa namwino amene akulankhula ndi mayi wa mbatatesi.

Ndipo kwathu kuno tili nawo athu. Albertino Damasceno, dokotala wa mtima wa ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, ndi anzake anapeza mu kafukufuku wa 2005 kuti pa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno la Mozambique, 33 pa 100 alionse anali ndi tensau yokwera, koma mwa iwowo amene ankadziwa anali pafupifupi 15 okha pa 100. Nambala yachiwiriyi ndi imene imandipweteka mtima. Inu mwadziwa sitiroko isanakugwetseni, ambiri amadziwira pa bedi mkono ndi mwendo zitafa kale.

Za apongozi anu, nzoona, munthu woonda nayenso amadwala. Pali ukalamba, pali zakumtundu, mchere wambiri, mowa, matenda a impso. Kunenepa ndi khomo limodzi chabe, koma ndi khomo limene inu mutha kulikankha nokha.

Simukufunika kuonda mpaka anthu a pa msika ayambe kufunsa mafunso. Kafukufuku amaonetsa kuti kilo imodzi ikachoka, tensau imatsika ndi pafupifupi 1, ndiye makilo 5 kapena 6 si zocheza. Nsima chepetsani ntanda umodzi, masamba achuluke, mafuta ophikira muziyeza ndi supuni osati kungopendeka botolo. Mchere, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi basi, ndipo muwerengeremo timakyubu tokometsera ndiwo tija. Nsomba youma yamchere ya Chicoa muziiviika m'madzi nkutaya madziwo kawiri musanaphike. Ngati anakupatsani mapilisi musasiye poti mutu waleka kuwawa, ndipo tsiku limene anakuuzani kuti mubwerenso mukatengane ndi apongozi anu akawayezenso.