Ndalama za mtsikanayo musadutsitse kwa ejenti

Achemwali, nkhani yanu yosonkhera mtsikana wa ku Afghanistan fizi ya ku yunivesite yanditukula bala. Ife tinachitapo zomwezi kuno ku Leeds, ku UK. Wathu anali mng'ono wa mnzanga amene timagwira naye ntchito yosamalira okalamba. Anali atafika chaka chachitatu pa yunivesite ina ku Kabul pamene a Taliban analamula mu Disembala 2022 kuti akazi asapondenso m'kalasi. Anathawira ku Islamabad ndi mayi ake, zikalata za sukulu atazimanga mu pulasitiki m'kati mwa zovala.

Tinasonkha ndi mtima wonse. Amayi a kumpingo anakazinga mandasi ndi samusa, ena anapereka gawo lawo la chipereganyu, tinatsegulanso chopereka cha pa intaneti pa GoFundMe. Yunivesite ina kuno inamupatsa malo, inangotsala dipoziti. Ndiye panabwera bambo wina wa ku Islamabad komweko, ejenti wa ofesi yake yooneka bwino, wolankhula mokoma, akuti dipoziti, kalata ya CAS (imene yunivesite imapereka kuti munthu afunsire viza) ndi viza zonse asamala yekha. Analandira ndalama, anatenganso zikalata zenizeni za mtsikanayo kuti akazitsimikizitse.

Usiku umene tinadziwa zoona sindidzauiwala. Tinali pa shifiti ya usiku, ine ndikupinda nsalu zoyala m'chipinda chochapira, mnzanga analowa foni ili m'manja ikunjenjemera. Yunivesite yalemba kuti palibe ndalama imene yafika, tsiku lapita, malo aperekedwa kwa wina. Kuimbira bambo uja, foni yozima. Pa WhatsApp chithunzi chake chachoka. Mnzanga anakhala pansi pafupi ndi makina ochapira, dzanja kukamwa kuti okalamba asamve kulira, belu la chipinda china likulira, ine osadziwa kuti ndithamangire kuti. Imeneyo inali Novembala 2023, boma la Pakistan litayamba kuthamangitsa anthu a ku Afghanistan opanda mapepala. Viza ya mtsikanayo inali itatha. Ankagona atavala nsapato, akamva galimoto yaima panja ankalowa kubafa ndi mayi ake. Ndipo bambo uja anaona zonsezi, anamwa tiyi m'nyumba mwawo, nadya ndalama za mwana wothawa nkhondo! Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zikalata. Ndalama tikanasonkhanso, koma mtsikana angabwerere bwanji ku Kabul kukapempha zina?

Ndiye mverani. Khobidi lililonse lipite ku akaunti ya yunivesite, ndipo nambala ya akauntiyo muitenge kwa eni ake a yunivesite. Zikalata zenizeni zisachoke m'manja mwake, aliyense alandire fotokope. Musakhulupirire munthu wapakati, ngakhale atalumbira pa dzina la Mulungu. Komabe pezani munthu ali komweko, chifukwa ife amene anatipulumutsa ndi mayi wina wachilendo, mphunzitsi, amene anapita yekha kwa achibale a bambo uja n'kukhala pakhomo mpaka anatulutsa zikalata.

Musakakamirenso UK yokha. Fizi ya ophunzira akunja ndi yokwera, ndipo pa viza amafuna ndalama zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana, zikatsika tsiku limodzi mwayambanso. Satifiketi ya mayeso a Chingerezi ya IELTS imatha mphamvu pakapita zaka ziwiri, ndiye musamulembetse mayeso musanadziwe kolowera. Ngati analembetsa ku UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, afunse za DAFI, thandizo la maphunziro a othawa kwawo limene dziko la Germany lakhala likulipira kuyambira 1992. Yunivesite ya akazi ya Asian University for Women ku Chittagong, Bangladesh, yatenga atsikana ambiri a ku Afghanistan. Mu 2024 atsikana 19 anafika ku Scotland kudzapitiriza za udokotala kudzera ku bungwe la Linda Norgrove Foundation, boma la kumeneko litasintha malamulo kuti asalipire ngati akunja. Alembereni onsewa.

Musatsegule chopereka musanaone kalata ya malo ndi maso anu. Koma musachedwenso, chifukwa ku Pakistan ndi ku Iran akubwezabe anthu, ndipo akangomuwolotsa malire ndiye kuti sukulu yatha. Ngakhale maphunziro a unamwino ndi uzamba a Taliban anawatsekera akazi mu Disembala 2024. Chithunzi chake ndi dzina lake lenileni musaike pa Facebook, abale ake akadali kwawo.

Wathu panopa akuphunzira, ngakhale anayambiranso chaka choyamba. Ndilembereni kumbali ndikutumizireni kalata imene tinalembera mayunivesite, ndipo mukatsegula chopereka mundiuze, yanga ndiponya.