Ku Kyoto Garden kulibe maluwa, ndiye ndikaonako chiyani?

Mayi wina wokhala ku London wanditumizira imelo. Mnzake wa kuntchito wamuitana kuti akayende ku Kyoto Garden, munda wachijapani womwe uli m'paki ya Holland Park, koma ataona zithunzi zake mtima wagwa. Akufunsa kuti, "Maluwa ake ali kuti? Zoona ndikathere tsiku langa lopuma pa miyala ndi madzi?"

Achemwali, pitani ndithu. Kungoti mukapita ndi maso osaka maluwa mudzabwerako mutakhumudwa ngati ine ulendo woyamba. Ndinauzungulira wonse mphindi 5 zokha, kenaka n'kuyamba kusuzumira kuseri kwa mitengo poganiza kuti munda weniweni uli kutsogolo. Unali womwewo.

Ajapani akamakonza munda wotere amatengera chilengedwe cha kwawo, mapiri, mathithi ndi nyanja, n'kuchichepetsa kuti chikwane pamalo ochepa. Mwala uliwonse anachita kuusankha n'kuuika pomwe ulipo. Mitengo amaidulira chaka ndi chaka kuti isapitirire msinkhu womwe akufuna. Mundawu unatsegulidwa mu 1991, ngati mphatso yochokera kwa amalonda a mzinda wa Kyoto, ku Japan.

Mukafika, kaimeni pa kamlatho kamiyala komwe kali kutsogolo kwa mathithi. Madzi amatsika masitepemasitepe, ndipo pansi pa mapazi anu nsomba zotchedwa koi, zofiira, zoyera, zina zamawangamawanga, zimabwera zitayasamula kukamwa. Ine, mwana wa kunyanja, ndinayamba kuziyeza ndi maso kuti imodzi ingakwane anthu angati pa nsima. Musaziponyere buledi. Mukatero pezani benchi mukhale, muone nyali zamiyala ndi chithunzi cha mitengo m'madzimo. Apikoko a m'pakimo nthawi zina amadutsa pomwepo monyada.

Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Okutobala mpaka Novembala, masamba a mitengo ya maple akafiira ngati moto. Loweruka masana pewani, pamadzaza anthu ojambulana moti pa kamlatho paja mumachita kudikira pamzere. M'mawa wa pakati pa sabata ndiye bwino, makamaka ngati mwaweruka ntchito ya usiku.

Kulowa n'kwaulere. Tsikani pa siteshoni ya Holland Park, pa njanji ya sitima zapansi pa nthaka ya Central line. Pafupi pomwepo palinso kamunda ka Fukushima, ka 2012, kothokoza Angelezi pa thandizo lawo chivomerezi cha 2011 chitachitika ku Japan. Jekete musaiwale, mabenchi ake amazizira.