Barolo wanga wawonongeka kapena sanakhwime?

FUNSO: Akonzi, mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Torino m'dziko la Italy adandibweretsera mabotolo awiri a vinyo wofiira wotchedwa Barolo, wa mphesa za mu 2016. Titatsegula limodzi, tidapeza kuti vinyoyo ndi wosafiira kwenikweni, wowawasa ndiponso woumitsa m'kamwa, moti alendo anga adabwerera ku vinyo wotsekemera amene tidazolowera. Kodi adawonongeka pa njira? Nanga botolo latsalali nditani nalo? Ndine wowerenga wanu wa ku Blantyre.

YANKHO: Zikomo bambo. Zimene mwafotokozazo si zizindikiro za vinyo wowonongeka, koma ndi khalidwe lenileni la Barolo. Vinyoyu amapangidwa ndi mphesa za mtundu umodzi wokha, za Nebbiolo, zimene zimalimidwa m'mapiri a Langhe pafupi ndi tawuni ya Alba, m'chigawo cha Piemonte. Mphesa zimenezi sizipatsa vinyo mtundu wakuda, koma makoko ndi njere zake zili ndi tanini wochuluka, ndipo ndi taniniyo amene amaumitsa m'kamwa monga amachitira tiyi wopanda mkaka amene masamba ake akhalitsa m'madzi.

Tanini ndi kuwawasako, zimene alendo anu adathawa, ndi zomwenso zimasunga vinyoyu kwa zaka zambiri. Malamulo a DOCG, amene amayang'anira kapangidwe ka vinyo wapamwamba wa ku Italy, salola kugulitsa Barolo asanathe miyezi 38, ndipo miyezi 18 mwa imeneyi amakhala m'migolo yamatabwa. Wolembedwa kuti Riserva amadikira miyezi 62. Ngakhale zili choncho, wochokera m'minda yabwino amatuluka akadali waukali. Zaka zikamapita, tanini amafewa, mtundu umasanduka ngati wa njerwa, ndipo pafungo la matcheri ndi maluwa a rozi pamaonjezekera fungo la phula, fodya wouma, bowa ndi nthaka yonyowa. Chaka cha 2016 chimaonedwa ngati chimodzi mwa zaka zabwino kwambiri ku Piemonte, ndiye ine ndikadakhala inu sindikadathamangira kutsegula botolo lachiwirilo, chifukwa vinyo wotere akhoza kukhala zaka 20 kapena kuposerapo.

Komabe kudikira kuli ndi phindu pokhapokha ngati kasungidwe kali bwino. Vinyo amafuna malo amdima, osasinthasintha, ozizira pafupifupi madigiri 12 mpaka 14, botolo litagona kuti chitsekerero chisaume. Kutentha kwa mu Okutobala kuno kwathu kumakalambitsa vinyo msanga, choncho ngati mulibe malo otere, ndi bwino kumumwa posachedwa kusiyana ndi kumuika pa kabati ya pabalaza kuti alendo aziona. Mukadzatsegula, mudzamutsanulire mu jagi yagalasi ola limodzi kapena awiri chakudya chisanafike, ndipo mudzamwere nyama ya ng'ombe yophika nthawi yaitali, pakuti mafuta a nyamayo amachepetsa ukali wa tanini.

Mlamu wanu akadzapitanso, mungamupemphe Barbaresco, amene ndi wa Nebbiolo yemweyo koma kawirikawiri amafewa msanga. Brunello di Montalcino wa ku Toscana, wa mphesa za Sangiovese zokhazokha, sagulitsidwa mpaka chaka chachisanu kuchokera pamene mphesazo zidakololedwa, ndipo nayenso amafuna kuleza mtima. Koma kwa alendo anu aja ndingasankhe Amarone wa ku Valpolicella, pafupi ndi Verona, amene mphesa zake amayamba aziumitsa kwa miyezi itatu kapena inayi. Amakoma ngati zipatso zouma ngakhale si wotsekemera kwenikweni, ndipo mphamvu yake imafika 15 kapena 16 peresenti, choncho amwe mosamala.