Kwa inu amene mukufuna kupanga chigamba cha fupa ndi makoko a mazira

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati muli chaka chomaliza cha biomedical engineering, mukufuna kupanga hydroxyapatite (mchere wa calcium ndi phosphate womwe umalimbitsa mafupa) kuchokera ku makoko a mazira, ndipo cholinga chanu n'chakuti chigambacho chikhale cholimba ngati fupa lenileni komanso chosavutitsa dokotala poika. Ganizo la makoko ndi labwino, musalisiye. Makoko a mazira pafupifupi onse ndi calcium carbonate, mukawawotcha pa madigiri 900 mumapeza calcium oxide, mukaphatikiza ndi phosphate muyezo wa calcium ndi phosphorus n'kufika 1.67, mwapeza zomwe mukufuna. Koma pa nkhani ya kulimbayo ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Chigamba sichipita m'thupi kukasenza munthu. Chimakhala ngati mtengo wozikidwa m'dimba kuti nyemba ziyangepo. Mitsempha ya magazi ndi maselo opanga fupa ziyenera kulowa mkati mwake, ndiye pamafunika timabowo tolumikizana, toposa ma micron 100 kukula kwake (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), ndipo ambiri amakonda kufika 300. Tsono timabowo tikachuluka, chinthucho chimasweka msanga ngati mbiya. Mukatitseka kuti chilimbe, fupa silimera mkati, chimangokhala mwala m'mwendo wa munthu kwa zaka. Fupa lolimba la kunja limapirira ma MPa (muyezo wa mphamvu yopanikiza) oposa 100 likapanikizidwa, pomwe lamkati lija looneka ngati siponji limapirira ochepa kwambiri, cha m'ma 2 mpaka 12. Inu yerekezani ndi lachiwirili. Kulemera kwa thupi kumasenzedwa ndi zitsulo, mapuleti, misomali ya m'kati mwa fupa kapena zitsulo zomangira kunja zija.

Chomwe ndingakulimbikitseni n'kuganizira za liwiro losungunukira. Calcium sulphate, yemweyo wa chikhakha, anayamba kuthiridwa m'mabowo a mafupa ku Germany mu 1892, koma amatha pa masabata owerengeka, nthawi zina fupa lisanafike. Hydroxyapatite wowotcha kwambiri amakhala wolimba koma amakhalitsa mopitirira. Beta-TCP (tricalcium phosphate, mtundu wina wa calcium phosphate) ali pakati. N'chifukwa chake zigamba zambiri zogulitsidwa zimasakaniza ziwirizi, kawirikawiri magawo 60 a hydroxyapatite ndi 40 a TCP. Ndikanakhala inu ndikanapanga zosakaniza zitatu zosiyana miyezo, n'kuyeza timabowo, kulimba ndi kasungunukidwe, basi. Polojekiti yotereyi ndi yoti mutha kuimaliza. Samalaninso ndi ng'anjo yanu: beta-TCP ikapyola madigiri pafupifupi 1,125 imasanduka mtundu wina wotchedwa alpha-TCP, khalidwe lake n'kusinthiratu.

Za kuika mosavuta, izi simungaziphunzire mu labu. Pemphani chilolezo mukaone opaleshoni ya mafupa, kaya ku Queen Elizabeth, ku Beit CURE ku Blantyre kapena ku LION ku Lilongwe. Mukaona kuti bala la munthu wogundidwa pa kabaza silikhala lakona zinayi ngati zomwe timajambula pa kompyuta. Dokotala ali ndi magolovesi onyowa magazi, nthawi ikumuthera, ndipo kabuloko kouma koti ayambe kusema kamamutopetsa. Timiyala ting'onoting'ono toti asakanize ndi magazi kapena fupa la wodwalayo, kapenanso phala loumbika ndi zala losakokoloka ndi magazi, ndi zomwe angakuthokozereni. Ngati mungapite ku simenti ya calcium phosphate, yezani mphindi zomwe imatenga kuti igwire. Ubwino wake siyitentha pouma ngati PMMA, simenti ya pulasitiki yomwe madokotala a mafupa amagwiritsa ntchito.

China chomwe ophunzira amaiwala ndi kupha majeremusi. Zipatala zathu zambiri zimadalira autoclave, makina ophera majeremusi ndi nthunzi ya madigiri 121. Ceramic ngati hydroxyapatite wanuyo payokha imapirira, koma mukaisakaniza ndi pulasitiki yotchedwa PCL kuti ifewe, dziwani kuti PCL imasungunuka cha pa madigiri 60. Funso ili liyankheni musanasankhe zipangizo.

Mu lipoti lanu musalembe kuti chigambachi chilowa m'malo mwa fupa lotengedwa m'chiuno mwa wodwala. Fupa lake lomwe lili ndi maselo amoyo, chanucho chilibe. Chimathandiza pomwe fupa lotengalo lachepa, makamaka kwa ana, kapena kuchepetsa ululu wa bala lachiwiri. Pa bala lomwe lili ndi mafinya, dokotala amayamba wathana ndi matendawo.

Chonde, ndikupempha ndi mtima wonse, musayese pa munthu kapena pa chiweto mwa inu nokha. Yambani ndi kuviika m'madzi oyerekeza a m'thupi, muwerenge ISO 10993 (ndondomeko yoyezera ngati chipangizo sichivulaza thupi), ndipo aphunzitsi anu akutsogolereni ku komiti yoona za kafukufuku ndi ku PMRA, bungwe loona za mankhwala m'Malawi. Mukapeza zotsatira za XRD (kuyeza ndi X-ray kosonyeza zomwe zili mu ufa) za ufa wanu woyamba, tumizani pano tione limodzi ngati calcium oxide sanatsalire, chifukwa ameneyo akakumana ndi madzi amawotcha minofu.