Za nyumba yakale ya ku Linga ija

Achimwene mwafunsa ngati kunyumba yakale ija ya ku Linga, ku Nkhotakota, kuli mizukwa zoona. Ine ndakulira konko, agogo ankatiletsa kudutsapo dzuwa likalowa, amati usiku kumamveka unyolo kukokedwa ndi anthu kubuula. Musadabwe nazo, paja dera limeneli ndi pomwe a Jumbe, mafumu achiswahili ogulitsa akapolo, ankasonkhanitsira akapolo nkuwawolotsa nyanja ya Malawi pa zombo, paulendo wopita ku Kilwa, kugombe la Tanzania, mpaka pano akuluakulu akamaikamba nkhaniyi mawu amatsika. Ndinalowamo kamodzi masana, ndinangopeza mileme, fungo lake loipa, ndi mizu ya kachere itang'amba khoma. Mzukwa sindinauone ayi, koma mtima unandiwawa zedi. Mukapita mukaonenso tchalitchi cha All Saints, muli manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895.